Bokosi Limene Alamu Anabisa Pansi pa Bulangeti

Amene anandilakwira ndi alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Sanandibere kanthu, sananditukwane. Anandinamitsa. Ndinanama ndi zala zanga zomwe kwa anthu makumi anayi a m'mayiko osiyanasiyana, osadziwa kanthu, mano onse panja ngati chitsiru. Anachita zimenezi Lamlungu lina la mu Januwale, pabwalo lamchenga kuseri kwa Jebel Ali kuno ku Dubai, pa mpikisano wanga woyamba wa wailesi.

Ndiyambe ndi wailesiyo, chifukwa kwathu ukati wailesi anthu amaganiza za nyimbo ndi mauthenga a maliro. Iyi ndi ina. Ndi kabokosi kokwana m'thumba la jekete, kolankhulirana ndi munthu wina amene ali ndi kabokosi kake, kaya ali ku Ulaya kaya ku Japan, popanda foni, popanda netiweki ya munthu. Waya m'mwamba, batire pansi, basi. Ine sindilankhulirapo ndi pakamwa. Ndimagogoda kachitsulo kamene timati kiyi, n'kumatuluka timaphokoso tatifupi ndi tatitali, ti-ti-taa, timene amatitcha mosi. Chingerezi changa n'chothyokathyoka, koma pa mosi palibe amene amadziwa kuti sukulu ndinalekezera Fomu Wani.

Anandiphunzitsa ndi alamu omwewo, zimenezo sindingakane. Iwo kwawo ndi ku Chipata, ndi injiniya wa mapepala ake, ndipo amakhala ndi achemwali pa fulati ku Al Nahda. Ine ndimakhala ku Karama, chipinda chimodzi anthu asanu, bedi langa lapamwamba, ndipo ntchito yanga ndi yokoka mawaya a makamera m'masiling'i mwa anthu. Nditangofika kuno ndinkapita kwawo Loweruka lililonse kukadya, kenako n'kuima kumbuyo kwawo pakhonde iwo akugogoda. Patapita miyezi ingapo ndinayamba kutchula zilembo iwo asanamalize kuzilemba. Khutu ndili nalo. Chimene chinandizunza ndi mayeso a laisensi. Ndinalephera kawiri chifukwa cha masamu, kachitatu ndinakhoza. Tsiku limene anandipatsa chizindikiro changa, zilembo ndi nambala zimene munthu amadziwika nazo pawailesi, ndinachilemba ndi cholembera chakuda pasiling'i pamwamba pa bedi langa. Dziko lonse lapansi palibe wina ali nacho. Chinthu chotere ndinali ndisanakhalepo nacho chibadwire.

Alamu amanditchula kuti injiniya wa Fomu Wani. Amanena akuseka, nanenso ndimaseka nawo. Ndi chilamu, si choncho?

Mpikisano wake umachitika m'nyengo yozizira. Anthu a wailesi amatuluka m'nyumba, wina kuphiri, wina kunkhalango, aliyense ndi batire lake, n'kuyesa kufikira anthu ambiri m'maola owerengeka. Gulu limene ndinalembetsa ine ndi la mphamvu yochepa: mawati asanu, osapitirira. Babu la m'bafa mwathu ku Karama limaposa pamenepo. Mukapezana ndi munthu mumapatsana zinthu zitatu: chizindikiro chako, mmene ukumumvera, ndi mphamvu imene ukugwiritsa ntchito. Ndipo palibe amene amabwera kudzayeza. Umanena wekha, iwo amakhulupirira. Ine chimenechi n'chimene chinandikoka. Kuntchito ndikati ndamaliza chipinda chakuti, kapitawo amakwera yekha makwerero kukaona. Apa munthu wosandidziwa, wa kutsidya kwa nyanja zingapo, amangolemba zimene ndanena.

Tinanyamuka kukucha pa galimoto ya alamu, yakale ija imene imayamba yatsokomola kenako n'kulira. Msewu wonse unali nkhungu. Anthu akumudzi sakhulupirira ukawauza kuti ku Dubai kumazizira, koma m'mawa umenewo zala zanga zinkakana kumanga mfundo. Mphepo inkachokera kunyanja, yonyowa, yolowa m'makutu. Ndinasolola ndodo yaitali yowedzera nsomba, n'kuimangirira kumbali kwa galimoto, waya n'kukwera nayo mpaka kunsonga. Mawaya ena anayi ndinayala pamchenga kuchokera patsinde pa ndodo. Tebulo ndinaika mbali inayo, kumene galimoto inkatchinga mphepo, ndipo chingwe chochokera ku wailesi kupita ku ndodo chinadutsa kunsi kwa galimoto. Ndikakhala pampando, tsinde la ndodo sindinkaliona.

Alamu analowa m'galimoto n'kuliza injini kuti aziotha. Nthawi yomweyo m'mahedifoni mwanga munayamba kuthetheka ngati chimanga m'chiwaya.

"Zimitsani injini, alamu!"

Anatsitsa galasi pang'ono. "Iwe mulamu, ufuna nife na mphepo?"

"Ifani mwakachetechete. Sindikumva kanthu kuno."

"Ona mwana uyu. Laisensi ya miyezi itatu, manje alamulira galimoto yanga." Koma anazimitsa, n'kudzifunditsa bulangeti.

Maola atatu oyambirira anali ozunza. Mawati asanu ali ngati kunong'ona pamsika. Ndikamva munthu akuitana, ndimuyankhe, pomwepo wina wa mphamvu zake amandipondereza, n'kumayankhidwa iyeyo. Ndidikire, ndiyesenso, chimodzimodzi. Ndinkaimirira, kukhala, kuimiriranso. Ndinasuntha tebulo kawiri popanda chifukwa. Pensulo ndinaiponya kutali, kenako n'kukaifuna ndekha mumchenga ndikutukwana. Mpando ndinaumenya theche mpaka unapindika mwendo.

"Khalas, mulamu, zakwana," anatero alamu ali pawindo. "Tiye tikadye biriyani. Mawati faifi ni ya nkhalamba zopuma pa nchito, zamene zilibe kopita. Iwe mutima wako ni wa mawati sauzande."

Ndinabwerera pa kiyi. Pofika masana ndinali nditapeza anthu asanu ndi mmodzi okha. Koma wachisanu ndi chimodziyo sindidzamuiwala. Ankamveka pansi penipeni pa phokoso, ngati udzudzu uli kuseri kwa neti. Chizindikiro chake chinali cha dziko lina la kumpoto kwa Ulaya, kumene nthawi imeneyo chipale chofewa chimafika m'mawondo. Anandipempha kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anapemphanso. Kasanu konse, ine nditatsinzina, kupuma komwe nditasiya. Kenako anatumiza kuti wamva zonse, n'kupereka mphamvu yake: mawati asanu, ngati ine. Anthu awiri onong'ona, wina m'chipale wina mumchenga, tinamvana. Ndinamulemba m'kope langa, n'kuvula mahedifoni.

Koma asanu ndi mmodzi pa maola atatu? Mtima unkandiuza kuti china chake chalakwika. Ndinayang'ana mawaya oyala pansi aja. Mchenga wouma suthandiza wailesi, zimenezo zinali m'buku la mayeso, ndipo madzi amchere amathandiza. Nyanja inali poonekera, ulendo wa mphindi khumi wapansi. M'galimoto munali chigubu chopanda kanthu.

"Ndikukatunga madzi a m'nyanja, ndidzathire pamene pali mawayawa."

Alamu anandiyang'ana kanthawi ndithu. Kenako anatuluka m'galimoto akumwetulira. "Yalla, pita. Thira maulendo atatu, imodzi siingakwane. Wailesi nizakusungira."

Ndinapita maulendo atatu, chigubu paphewa, buluku litanyowa mpaka m'ntchafu. Ulendo uliwonse ndinkawapeza atatsamira galimoto, akuimba mluzu. Nditamaliza ndinakhala pansi, kuvala mahedifoni, n'kuyankha munthu woyamba amene ndinamumva.

Anandiyankha kamodzi n'kamodzi.

Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu sanandipemphe n'komwe kuti ndibwereze. Ndinalimba mtima, ndinasiya kuthamangitsa anthu, ndinakhazikika pamalo amodzi n'kuyamba kuitana ndekha. Anayamba kubwera okha, awiriawiri, atatuatatu, kupondana chifukwa cha ine. Pensulo inkachedwa.

"Mchere!" ndinakuwa. "Alamu, mchere uja!"

Anaseka mpaka anagwira bondo. "Injiniya wa Fomu Wani! Wagonjetsa madigiri yonse!"

Ndipo aliyense wa anthu amenewo ndinkamupatsa zinthu zitatu zija, chomaliza chake mawati asanu. Mawati asanu. Mawati asanu. Chala chinazolowera mpaka chinkagogoda chokha. Mmodzi, wa ku Italy, anachedwa nane pang'ono ngakhale unali mpikisano. Anati ndikumveka mwamphamvu zedi pa mawati asanu, kodi eriyo yanga ndi yotani? Ine ndi Chingerezi changa chothyokacho ndinamugogodera monyada kuti ndi waya pa ndodo ya nsomba, ndi madzi a m'nyanja othira pansi. Anathokoza kawiri, n'kunena kuti akayesa nayenso.

Mpikisano unatha dzuwa litapendeka. Masana okhawo ndinapeza anthu makumi anayi. Ndinkayenda uku ndi uku pamchenga, osatha kuima malo amodzi, ndikuwerenga mobwereza m'kope langa.

"Iwe tsitsa ndodo," anatero alamu. "Chingwe unisiyire ine. Koma poyamba nilize galimoto itenthe."

Anapotokola kiyi. Galimoto inangoti ke-ke-ke. Anayesanso. Ke. Kenako zii.

Anamenya chiwongolero, n'kutukwana m'chinenero cha kwawo, kenako anati akuyenda kupita kumsewu waukulu kukaimitsa aliyense wodutsa. Ananyamuka mothamanga, akutembenukatembenuka. Ine ndinati ndiwathandize, nditsegule boneti kuti wobwerayo adzapeze zonse zili tayale.

Pa batire la galimoto panali mawaya awiri achilendo, wofiira ndi wakuda, opanidwa ndi zopanira zatsopano. Ine ntchito yanga ndi yotsata mawaya. Ndinawatsata. Anatsika kunsi kwa boneti, kulowa pa mpata wa chitseko cha mbali ya ndodo, kudutsa pansi pa mpando, mpaka kumbuyo kumene kunali bulangeti lija. Ndinalivundukula.

Bokosi lakuda la mizeremizere pamsana. Ndinkalidziwa bwino, limakhala pashelefu pakhonde pawo ku Al Nahda. Ampulifaya. Umalowetsa mawati asanu mbali iyi, mbali inayo amatuluka makumi asanu. Chingwe changa chinalowa uku n'kutulukira uko. Ndinaika dzanja pamwamba pake. Linali likadali lofunda.

Ndinaima pamenepo zonse zikubwera chimodzichimodzi. Maulendo atatu a madzi. Mluzu uja. Batire limene bokosi linayamwa masana onse, injini ili chozimitsa chifukwa ine ndinalamula. Kuseka kuja mpaka kugwira bondo. Sankaseka nane. Ankaseka munthu wonyowa buluku amene akuyamika mchere.

Anthu amene amandidziwa angadabwe kuti sindinawathamangire kumsewu komweko. Chifukwa chake chilipo. Chaka changa choyamba kuno ndinagwira kapitawo wina pakhosi pa malaya atanditchula dzina loipa. Ntchito inatha tsiku lomwelo, ndipo ndinatsala pang'ono kukwezedwa ndege. Achemwali ndi amene anayenda m'maofesi akulira. Zitatha anandikhazika pansi kukhitchini kwawo n'kunena kuti, "Achimwene, kuno si ku Balaka. Mukadzakwezanso dzanja, kaya mawu, pa munthu, ine ndidzangokuperekezani ku eyapoti." Ndinalonjeza. Ndiye ndinabwezera bulangeti mmene linalili. Ndinapita ku ndodo, kuitsitsa, ndipo chigawo chakunsonga ndinachithyola pabondo. Kenako chotsatira. Kenako chinanso.

Alamu anabwera pa lole yaing'ono yonyamula udzu wa ngamila. Woyendetsa, bambo wina wa ku Pakistan wa ndevu zofiirira, anatsika ndi mawaya ake odzutsira batire akuseka, n'kufunsa ngati batire lafa. "Batire khalas, bhai?" Alamu anathamangira kutsogolo, ndipo atapeza boneti ili yotsegula anandiponyera diso. Ine ndinali chozyolika, ndikukulunga waya. Anayankhula mokweza ndi bambo uja, thupi lawo litatchinga batire, ndipo ndinamva zopanira zija zikuchotsedwa mwachangu. Galimoto inalira. "Shukran, habibi, shukran!" anatero alamu pomuthokoza bambo uja.

"Nanga ndodo yachita bwanji?" anandifunsa tikulongedza.

"Mphepo," ndinatero.

Njira yonse ankayankhula okha. Fote sikisi, mulamu! Pa mpikisano woyamba! Ine ndinati mutu ukundipweteka, n'kutsamira galasi.

Mndandanda wa anthu amene wapeza umayenera kutumizidwa kwa eni mpikisano pasanathe sabata. Sabata imeneyo sindinakhale bwino. Chakudya chinkandikanika. Ndili m'siling'i mwa anthu, tochi kukamwa, ndinkapeza chala changa chikugogoda pa chitsulo: mawati asanu, mawati asanu. Ndinakangana ndi mnzanga wogona bedi lapansi pa nkhani ya sopo, sopo weniweniyu. Pa metiro, sitima ya mumzinda muno, ndinkatsika siteshoni isanakwane n'kuyenda wapansi, chifukwa kukhala chete pampando kunkandikanika.

Ndisaname, ndinafuna kutumiza momwemo. Fomu yake ndinaitsegula pa foni mwina kakhumi. Pali kabokosi kamene umalembamo mphamvu yako. Ndani akanadziwa? Alamu sakananena. Dzina langa likanakhala pamwamba ndithu, ndipo ndikanajambula n'kutumiza kwa aphunzitsi ena a ku Balaka amene anandiuza kuti mutu wanga ndi wosenzera katundu. Ndinalembamo 5, n'kufufuta. Kulembanso, n'kufufutanso.

Amene ankandiletsa ndi anthu awiri. Wa ku Italy uja, amene mwina Lamlungu likubwerali adzasenza chigubu kupita kunyanja chifukwa cha mawu anga. Ndi wa m'chipale uja, amene anakhala pa mawati ake asanu enieni, zala zitauma, n'kundipempha kasanu kuti ndibwereze. Pa mndandanda ine ndikanakhala pamwamba pake.

Lachisanu pa nthawi yopuma ndinakhala pa masitepe a nyumba imene tinkagwiramo ntchito n'kutumiza mndandanda wonse. Pansi pake ndinalemba ndi Chingerezi changa kuti oyamba asanu ndi mmodzi ndi a mawati asanu, otsalawo ndi a makumi asanu, sindinkadziwa koma chizindikiro ndi changa, musandiwerengere. Wa ku Italy ndinamufufuza n'kumulembera yekha kuti mchere umathandiza pang'ono, koma zimene anamva tsiku lija sunali mchere. Nditatumiza ndinkayembekeza kuti mtima ukhala pansi. Sunakhale. Panatsala munthu mmodzi.

Loweruka ndinakwera basi ya ku Al Nahda. Magalimoto anali atathinana monga mwa masiku onse kumalire a Sharjah, ndipo ndinaima njira yonse ngakhale mipando inalipo. Achemwali anaphika mpunga ndi nkhuku. Kunalinso anzawo awiri a alamu a kutchalitchi, ndipo ndisanasambe n'komwe m'manja alamu anali atayamba kale.

"Uyu ndiye nenze kukuuzani! Fote sikisi, na batire ya mu thumba! Mulamu, auze za madzi ya mu nyanja. Auze!"

Alendo aja anandiyang'ana akumwetulira, akudikira. Mbale inali pafupi ndi dzanja langa. Ndinayang'ana achemwali. Anali ataima pakhomo la khitchini ndi chikombe cha madzi, ndipo nkhope yanga amaidziwa kuyambira ndili wakhanda. Anapukusa mutu pang'ono chabe.

Ndinaika manja onse awiri m'thumba.

"Alamu, tabwerani pakhonde. Pang'ono pokha."

Tinatuluka, ndinatseka chitseko chagalasi. Pansi, pamsewu, mahutala ankalira. Bokosi lija linali litabwerera pashelefu pake. Ndinalinyamula, kulitembenuza, n'kuligogoda ndi chala. M'mizere yake munatuluka mchenga, n'kugwera pa tebulo limene anandiphunzitsirapo zilembo zoyamba.

Anayang'ana mchengawo. Anayamba kuseka, koma kuseka kwake sikunapite patali.

"Aa, mulamu. Unaona?"

Ndinagogodanso bokosi lija, mchenga wina n'kugwa.

"Mvera. Nenze kukuona m'mawa muja. Unaponya pensulo, unathyola mupando. Ola imodzi chabe, wailesi yonse sembe unaiponya mu nyanja, na laisensi pamodzi. Nikudziwa iwe. Sukulu unasiya, nchito yoyamba unasiya. Nenze kufuna chabe kuti ichi chimodzi usasiye. Nenze kufuna ukondwere, tsiku imodzi. Ni mulandu?" Anatambasula manja. "Ndipo ambiri amaonjezako pang'ono. Kulibe amene amayeza."

Choipa n'chakuti ankanena zochokera pansi pa mtima. Ndinaona m'maso mwawo. Akanakhala kuti anachita mwa nkhanza, bwenzi zili zosavuta. Kumbuyo kwa galasi achemwali anali chiimire ndi chikombe chija. Ndinabwezera bokosi pashelefu bwinobwino, manja ndinabwezera m'thumba, ndipo ndinayankhula motsitsa kuposa mmene ndinayankhulirapo chibadwire.

"Alamu, palibe amene amayeza, n'chifukwa chake ndinalowa. Mukanandisiya ndi sikisi anga aja, bwenzi lero ndabwera pano ndikuimba. Mwina n'zoona kuti ndikanataya wailesi m'nyanja, koma munayenera kundisiya kuti ndizione ndekha. Fote enawo ndi anu, eni mpikisano ndawauza kale dzulo. Chaka chamawa ndidzapita ndekha, chigubu ndidzasenza ndekha, ndipo chingwe changa musadzachigwirenso."